Geni ikayenda bwino ndimachita mantha: ndingasinthe bwanji maganizo anga pa ndalama?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali amene amagulitsa mpunga ndi nyemba mumsika waukulu wa Zomba. Mwachidule akuti: "Ndinakula ndikumva kuti munthu salemera popanda kukhwima, komanso kuti ndalama ndi satana. Geni ikayenda bwino ndimagwidwa ndi mantha, ndalama ndimazimwaza msanga kapena kugawira abale kuti anthu asandinene. Nthawi zina ndalama zimasowa m'chikwama osadziwa kumene zalowera, anzanga amati ndi chitaka. Bambo a kunyumba nawo amati kusunga ndalama masiku ano n'kutaya. Chaka ndi chaka ndimabwerera pomwepomwe. Maganizo amenewa ndingawachotse bwanji?"

Mayi, zimene mwatchulazi sizolemera mofanana. Za chitaka ndi za kukhwima tikutsutsani. Zimene bambo akunena, zoti kusunga n'kutaya, muli choonadi chambiri kuposa mmene alangizi ena a zachuma amavomerezera. Za abale ndi udindo weniweni umene aliyense wokhala pakati pa anthu amausenza, kungoti inu mukuusenza osauyeza. Mukazimanga zonsezi mtolo umodzi n'kumati ndi "maganizo oipa", mudzataya zothandiza pamodzi ndi zopweteka.

Maganizo a ndalama sachoka chifukwa chodzilankhulira mawu okoma m'mawa uliwonse. Munthu akhoza kunena kakhumi kuti "ndine wodala, ndilemera" asanatuluke m'nyumba, koma madzulo ndalama zikapereweranso m'chikwama mtima ubwerera ku chitaka, chifukwa chitakacho chikufotokoza zimene zachitika pomwe mawu okoma aja sakufotokoza kanthu. Chikhulupiriro chimafooka pokhapokha patapezeka chinthu china chofotokoza bwino kuposa icho. Kwa inu chinthucho ndi manambala a pa benchi panu pomwepo.

Tiyerekeze ndi thumba limodzi la mpunga. Mitengo tikuikayi ndi yongoyerekeza, inu muikemo yanu. Mwaoda thumba la makilogalamu 50 pa K150,000, ndipo mukugulitsa K3,500 pa kilogalamu. M'mutu mwanu mwawerenga kale kuti mupeza K175,000, phindu K25,000. Tsopano tiyeni tiliperekeze thumbalo. Galimoto kuchokera kumene mwaoda yadya K4,000, wonyamula kuchokera pa depoti kufika pa benchi K1,000, majumbo K1,500, tikiti ya msika masiku 5 K2,500. Zakwana K9,000. Mutapeta ndi kusankha timiyala, kilogalamu imodzi yapita. Banyira amene mumaonjezera kwa makasitomala, kadzanja kamodzikamodzi, pakutha pa thumba wakwana kilogalamu ina. Kunyumba mwatapako makilogalamu 2, poti mpunga ndi wanu womwe. Mnansi watenga makilogalamu 3 kuti alipira mwezi ukatha. Amene mwagulitsa ndalama n'kulowadi m'chikwama ndi makilogalamu 43, K150,500. Tiyi ndi nkhomaliro pamsika, K1,000 pa tsiku, zachotsa K5,000 m'chikwama momwemo. Mukachotsa K14,000 yonseyo mwatsala ndi K136,500. Mumayembekezera K175,000. Pasowa K38,500, ndipo palibe munthu amene wagwira chikwama chanu kupatula inu. Choopsa kwambiri n'chakuti K136,500 siikwananso kuoda thumba lina ngakhale mtengo utakhala womwewo, ndipo masiku ano mtengo sumakhala womwewo.

Kusowa kwa mtundu umenewu n'kumene anthu ambiri amakutcha chitaka. Sitikukusekani ayi. Ndalamayo yasowadi, ndipo munthu wosalemba alibe pogwira pofotokoza, choncho amakumbukira kasitomala wachilendo uja anabwera ndi K5,000 kudzagula za K500. Kachithumwa ka m'chikwama kamatonthoza mtima, koma sikabweza kilogalamu ya banyira.

Gulani kope la masamba ambiri ndi cholembera, muzisunge m'chikwama cha ndalama momwemo, osati kunyumba. Tsamba limodzi likhale la tsiku limodzi. M'mawa musanagulitse kanthu lembani zinthu ziwiri pamwamba: katundu amene mwayamba naye, woyeza pa sikelo osati wa m'maso, ndi chenje chimene mwayamba nacho. Pakati pa tsiku musavutike kulemba kasitomala aliyense, pamsika sizitheka ndipo ndi chimene chimagwetsa anthu ulesi sabata yoyamba. Lembani zotuluka zokha, nthawi yomweyo: K200 ya madzi, K500 imene mwana wadzatenga, ngongole ndi dzina la wotenga, mpunga wopita kunyumba pa mtengo wogulitsira. Madzulo yezaninso katundu. Kusiyana kwa m'mawa ndi madzulo, kuchulukitsa ndi mtengo, ndiye ndalama zimene zimayenera kulowa. Onjezani chenje cha m'mawa, chotsani zotuluka zonse, kenako werengani za m'chikwama ndi za mufoni. Zikasiyana lembani kusiyanako pansi pa tsamba, mukuzungulize. Ntchito yonseyi siidya mphindi 15. Chitani masiku 30 osadumphitsa, ngakhale tsiku limene malonda aipa, chifukwa masiku oipawo ndi amene amabisa zambiri.

Masiku oyamba kusiyana kumakhala kwakukulu poti dzanja silinazolowere kulemba. Kukamapita sabata yachiwiri kumachepa. Ngati patatha mwezi kusiyana kukadalipo ndithu, yang'anani masiku ake. Mwina kumagwa tsiku limene mumasiya benchi m'manja mwa mwana kapena mnzanu. Mwina sikelo yanu imapitiriza, ndiye yesani poikapo paketi ya shuga yosatsegula ya kilogalamu imodzi. Alipo akuba a chenje, amene amapereka ndalama yaikulu, n'kusintha maganizo, n'kupempha yawo, n'kuperekanso ina, mpaka mutu wanu wazungulira. Mankhwala awo ndi amodzi: ndalama ya kasitomala ikhale poonekera pa benchi mpaka chenje chaperekedwa. Aliponso oonetsa uthenga wabodza wa pafoni woti atumiza ndalama. Musakhulupirire uthenga wa pa foni yawo, ngakhale wa pa yanu yomwe, musanaone nokha zotsala, pa *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba. Onsewa ndi akuba a manja, ndipo wakuba wa manja amagwidwa ndi kope.

Kope lomwelo likuthandizani pa vuto la ndalama zotentha m'manja. Chimene chimachitika n'chakuti mpamba, phindu ndi ndalama ya ndiwo zimagona m'chikwama chimodzi, ndiye mukaona K180,000 mtima umati ndalama zachuluka, pomwe K160,000 mwa izo ndi thumba la mawa. Dzilembeni ntchito nokha. Mukadziwa phindu lenileni la mwezi, dziikireni malipiro okhazikika a pa sabata, osapitirira theka la phindulo, ndipo ndiwo, sopo, nsalu ndi zopereka zichoke mmenemo. Mpunga wopita kunyumba muziugula ndi malipiro omwewo monga kasitomala wina aliyense. Poyamba zimamveka zachilendo kugula katundu wako yemwe, koma apa ndi pamene geni zambiri za m'misika zimathera. Ndalama ya mpamba isagone nanu: ikani mufoni tsiku lomwelo, makamaka pa nambala ina imene anthu saidziwa ndiponso imene simuyenda nayo ku zikwati. Kumbukirani kuti kutapa ndalama kwa ejenti kumalipitsa, choncho tapani kamodzi popita kokaoda, osati pang'onopang'ono. Chinthu chilichonse choposa malipiro anu a masiku atatu chimene simunachikonzekere, chigonereni masiku awiri musanagule. Ndipo poika mtengo wogulitsira, yang'anani mtengo wa thumba limene mukaode mawa, osati limene munaoda dzulo.

Tsopano za kukhwima. Apa tikupemphani ntchito ina ya mukope. Lembani anthu asanu amene mukuwadziwa bwino, osati ongowamvera, amene zinthu zikuwayendera. Pa aliyense yankhani mafunso atatu: anayamba ndi chiyani, patenga zaka zingati, ndipo ndalama yaikulu yoyamba inachokera kuti. Mayankho ake m'Zomba muno sakhala achinsinsi kwenikweni. Wina anali ndi mbale ku Joni amene ankatumiza katundu. Wina analandira ndalama zopumira pantchito ku usilikali kapena ku uphunzitsi n'kumanga tizipinda ku Chikanda tochititsa lendi kwa ophunzira a ku yunivesite. Wina wakhala akupikula matemba ku Kachulu kuyambira ali mtsikana, ndipo anthu anayamba kumuona pamene anafolera malata, zaka zonse zodzuka m'bandakucha sanaziwerenge. Wina anakwatiwa pa banja la malo ambiri a mpunga. Anthu amaona chaka chomaliza chokha, ndiye kulemerako kumaoneka ngati kwadzidzidzi.

Pa asanuwo mwina mupeza mmodzi amene chuma chake sichilongosoka. Sitikana kuti alipo. Dziko lino linaona mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, anthu a malipiro ochepa akupezeka ndi ndalama zodzaza m'magalimoto ndi m'nyumba. Makolo athu poona munthu walemera usiku umodzi sankalakwa kukayikira. Koma zimene makhoti anapeza zinali kuba ndalama za boma kudzera m'makompyuta ndi macheke, munalibe ndondocha. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika kwa inu, chifukwa ngati chuma choipa chimachokera ku kuba, munthu wosaba alibe chifukwa choopera chuma chake.

Chimene chimalimbitsa kwambiri mphekesera za kukhwima ndi maliro. Munthu akagula galimoto, pasanathe chaka mbale wake n'kumwalira, nkhani yatha, amupereka nsembe. Taganizani mbumba yonse ya munthu mmodzi, kuchimuna ndi kuchikazi, ndi anthu angati. Pa anthu ochuluka chotero chaka sichitha popanda maliro, kaya wina wagula galimoto kaya sanagule. Komanso ambiri amayamba kuoneka bwino atafika zaka za m'ma 40 ndi 50, msinkhu womwewo umene makolo awo akalamba ndipo abale awo ayamba kuvutika ndi BP ndi shuga. Maliro a kwa munthu wosauka palibe amene amawalumikiza ndi kanthu. Anthu amakumbukira okhawo amene agwirizana ndi nkhani imene anali nayo kale.

Chikhulupiriro chimenechi si chongosekera. Maganizo oti chuma chimabwera ndi zizimba ndi omwe aphetsa abale athu achialubino, makamaka kuyambira cha m'ma 2014, ndipo maboma a kuno kum'mawa akhudzidwa kwambiri. Palibe amene analemera nazo, alipo amene ali kundende. Ndi maganizo omwewo amene amapititsa anthu kwa ochulukitsa ndalama, kukasiya mpamba wonse m'chikwama chotseka chimene akachitsegula kunyumba amapezamo mapepala. Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wina akamakunenani poyera kuti mwakhwima, muli ndi ufulu wokadandaula kwa amfumu kapena ku polisi.

Koma miseche yambiri simungaithetse ndi lamulo, ndipo kumwaza ndalama kuti anthu akuoneni osauka sikuithetsanso. Chimene chimathandiza n'kulola anthu aone masitepe. Njerwa ziumbidwe chaka chino anthu akuona, maziko chaka chamawa, malata agulidwe awiriawiri. Musasowe pa maliro ndi pa zochitika za m'dera pamene zinthu zayamba kuyenda, chifukwa munthu amene walemera n'kusiya kupereka moni ndi amene amapekeredwa nkhani msanga. Kuchuluka kwa ndalama zanu kukhale kwa inu ndi bambo, koma kumene zikuchokera kusakhale chinsinsi. Otsala amene adzanenabe, adzanena ngakhale mutagona ndi njala.

Zoti ndalama ndi satana tisatayepo nthawi yambiri. Lemba limene anthu amatchula, 1 Timoteo 6:10, likudzudzula mtima wokonda ndalama, ndipo mtima wotero umapezeka kwa olemera ndi osauka omwe. Kwa abale athu achisilamu zakaati ndi 2.5 peresenti ya chuma chimene chakhala chaka chathunthu chitafika pa mlingo wake, kusonyeza kuti kusunga chuma n'kololedwa, chofunika n'kuchiyeretsa popereka. Ngati chikumbumtima chikukuvutani, funso loyenera ndi loti sikelo yanu ndi yoona kodi, ndipo amene mumawatuma mumawalipira kodi. Zimenezo mukhoza kuzikonza lero.

Bambo a kunyumba musawatsutse msanga. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Pa liwiro limenelo K100,000 yosungidwa pansi pa matiresi imati ikatha chaka n'kumagula zimene K77,000 inkagula. Chiwongoladzanja cha akaunti wamba yosungira ndalama kubanki chimakhala chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kumeneku. Munthu amene anaona izi n'kunena kuti kusunga n'kutaya waona bwino. Polakwika ndi pamene akuthera, poti ndiye tidye lero. Yankho lake n'kusunga mu zinthu zoyenera, malinga ndi ntchito ya ndalamayo.

Ndalama ya mwadzidzidzi, ya matenda ndi maliro, ikhale ndalama yeniyeni mufoni kapena kubanki, yokwana chakudya ndi lendi ya mwezi umodzi poyamba. Imeneyo idzafooka ndithu, vomerezani, chifukwa ntchito yake si kubereka koma kukutchinjirizani kwa a katapila, kumene K50,000 imabwezedwa K75,000 kapena kuposa pakutha pa mwezi. Ndalama ya zinthu zimene mukudziwa kuti zikubwera isandutseni zinthuzo msanga: feteleza mugule miyezi ya Julayi ndi Ogasiti mzere usanayambe, yunifolomu ndi makope mugule sukulu zisanatsegulire, simenti yokha musaisunge nthawi yaitali chifukwa imauma ikamva chinyezi. Ndalama yofuna kukula ikani mu chimene mukuchidziwa kuposa anthu ena, ndipo kwa inu ndi mpunga. Nthawi yokolola ku madambo a ku Chilwa, miyezi ya Meyi mpaka Julayi, mtengo umakhala pansi, ndipo kawirikawiri umakwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Gulani wosapuntha, chifukwa makoko amauteteza ndipo umasungika nthawi yaitali kuposa woyera. Powerengera kumbukirani kuti makilogalamu 50 a wosapuntha amatulutsa pakati pa 30 ndi 33 a woyera, ndiye onjezanipo mtengo wa chigayo ndi wa mayendedwe musanavomere mtengo wa mlimi. Ukhale wouma bwino, njere ikalumidwa izithetheka. Wonyowa umachita nkhungu ndi kusanduka wachikasu, wouma mopitirira pa dzuwa lamphamvu umasweka kuchigayo n'kutsika mtengo. Matumba asagunde pansi kapena khoma, ayalireni mitengo kapena mapaleti, ndipo muziwayendera sabata iliyonse chifukwa cha makoswe ndi kudontha kwa denga. Musaikemo mpamba wonse. Zilipo zaka zimene mtengo sukwera monga mwa masiku onse, ndipo amene anakongola ndalama kuti asunge mpunga ndi amene amalira.

Mabungwe a SACCO, ma Treasury Bill (kubwereketsa boma ndalama kuti lidzabweze ndi chiwongoladzanja) a masiku 91, 182 ndi 364, ndi masheya a pa Malawi Stock Exchange ziliponso, koma si poyambira panu. Mukadzafika pamenepo, funsani kaye ngati bungwelo lili ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo muchione ndi maso.

Banki m'khonde ndi yabwino kwa munthu amene ndalama zimamutentha, chifukwa masheya akalowa satuluka mpaka tsiku logawana. Koma magulu ambiri apotoza njira yake. Gulu loyenda bwino limakhala la anthu 15 mpaka 25 odziwana, bokosi la maloko atatu makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndalama zikuwerengedwa pamaso pa onse, ndipo munthu sakongola zoposa katatu masheya ake. Thawani gulu limene limakakamiza aliyense kukongola kuti ndalama zisagone m'bokosi. Werengani nokha: K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi imafuna K20,000 mwezi uliwonse, K60,000 pa miyezi itatu. Ngati kope lanu likuonetsa kuti K100,000 ya mu mpunga imabereka K15,000 pa mwezi, ngongoleyo ikudya mpamba wanu ngakhale malonda akuyenda. Apa ndi pamene amayi amayamba kukongola ku gulu lina kuti abweze ku gulu loyamba, mpaka ziwiya za m'nyumba kulandidwa. Nkhani ina ndi tsiku logawana. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndalama n'kuthera pa Khirisimasi, Januwale n'kuwapeza opanda fizi. Kwa ogulitsa mbewu ngati inu kugawana mu Epulo kapena Meyi n'kwanzeru, poti ndalama imafika nthawi imene katundu watchipa. Kaikeni ganizo limeneli pa msonkhano woyamba wa chaka, malamulo asanalembedwe.

Za abale. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo sananame: tsiku limene mudzagonekedwe ku Zomba Central Hospital, odzakudikirirani ndi kukuphikirani phala ndi abale omwewo. Amene amakulangizani kuti muwadule onse sadzabwera kudzagona pansi m'wodi. Koma pali kusiyana pakati pa kupatsa kochokera mu dongosolo ndi kupatsa kochokera mu mantha. Inu mukupereka kuti musanenedwe, ndipo kupereka kotero kulibe malire, chifukwa mantha sakhuta. Ikani gawo la abale mwezi uliwonse, mwachitsanzo K10 pa K100 iliyonse ya phindu, mu envelopu yakeyake. Likatha latha. Konzekeranitu mawu onena, chifukwa munthu amagonja pamene wasowa choyankha: "Achimwene, za mwezi uno zothandizira zatha, zimene mukuonazi ndi za katundu. Tionane pa 5." Mawu akuti "ndi za katundu" aliyense amawamva, ndipo si bodza. Za fizi kalipireni nokha kusukulu mutenge lisiti, za mankhwala kaguleni nokha mankhwalawo. Sankhani mumtima musanapereke ngati ndi mphatso kapena ngongole. Ngongole kwa mbale kawirikawiri siibwera ndipo imadanitsa, ndiye n'kwabwino kupereka K5,000 yaulere kusiyana ndi kubwereketsa K30,000 imene mudzaidandaule zaka. Udindo wosamala makolo musausenze nokha chifukwa choti inu ndi amene muli m'tauni. Pemphani amalume aitanitse mbumba, aliyense atchule gawo lake, wina ndalama, wina chimanga, wina kulima munda wa agogo, ndipo zilembedwe. Ngati n'kotheka yambitsani thumba la maliro la banja lonse, losonkha mwezi ndi mwezi, losungidwa ndi anthu awiri.

Tikuchenjezeninso za dzenje la mbali inayo. Mukayamba kufunafuna za kusintha maganizo mudzakumana ndi anthu, pa Facebook ndi m'misonkhano yolipitsa pakhomo, onena kuti umphawi uli m'mutu basi. Si zoona, ndipo ndi chipongwe kwa anthu olimbikira. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, n'kudzaphweranso kwambiri mu 2018, asodzi ndi ogulitsa nsomba sanasauke chifukwa cha maganizo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sanasankhe minda ya anthu oganiza molakwika. Maganizo amalamulira gawo limene lili m'manja mwanu lokha, monga K38,500 ija. Onena kuti zonse zili m'mutu nthawi zambiri amakhala ndi chogulitsa kumapeto, ndipo chofala ndi timagulu toti lowani ndi ndalama mubweretse anthu 6, iwonso abweretse 6 aliyense. Chulukitsani 6 kakhumi: pa mzere wa nambala 10 pakufunika anthu oposa 60 miliyoni, pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi monse. Olowa mochedwa, omwe ndi ambiri, ndiwo amalipira oyambitsa. Kubetcha ndi kandege ka pafoni n'chimodzimodzi, masamu ake anakonzedwa kuti kampani izitsala ndi gawo lake tsiku lililonse. Munthu amene wasiya kukhulupirira zizimba n'kuyamba kukhulupirira zimenezi sanasinthe kanthu, akufunabe chuma chosadutsa m'ntchito.

Masiku 30 akakwana, khalani pansi ndi bambo tsiku limene kulibe mkangano, kope lili pakati panu. Werengani limodzi zinthu zinayi: phindu lenileni la mwezi, zimene zinapita kunyumba, zimene zinapita kwa abale, ndi ngongole zimene zili kunja. Pa ngongolezo lembani tsiku lokatolera, ndipo amene wadutsitsa miyezi iwiri asatengenso katundu mpaka atabweza. Yerekezaninso mpunga ndi nyemba paokhapaokha, chifukwa zimachitika kuti katundu mmodzi akudyetsa mnzake osadziwika, ndipo wosapindulitsayo ayenera kukwezedwa mtengo kapena kusiyidwa. Pa kukambirana komweko gwirizanani matumba angati a wosapuntha amene mudzagule nyengo yokolola ikubwerayi, malo owasungira, ndi amene adzasunge kiyi. Mwezi wina mudzaphonya, kudzagwa maliro kapena matenda, kope n'kukhala sabata osalembedwa. Musayese kukumbukira za masiku odumphawo. Yezani katundu amene alipo m'mawa umenewo, werengani chenje, tsegulani tsamba latsopano.